Dzina la Tiwonge Linakwera Basi

"Bwezerani m'sutikesi mapepalawo, amake Tiwonge. Aka n'kachiwiri kukuuzani."

A Solomoni analankhula ali chilili pakhomo, mpini umene ankasema uli m'manja. Mkazi wawo Dorothy sanawacheukire n'komwe. Anali chogwada pa mphasa, akukulunga m'pulasitiki khadi la kusikelo la mwana wawo pamodzi ndi kalata ya adokotala.

"Mwanena kawiri, inenso ndamva kawiri. Achimwene akuwafuna lero kuti mawa akapereke ku Katete."

"Bwanji osakapereka ife eni ake? Njinga ilipo, miyendo ilipo. Mwana ngwathu."

"Lero ndiye mwadziwa kuti mwana ngwathu?" Dorothy anadzuka, nagwira m'chiuno. "Zaka zonse zija ndinkamumangira chitseko ndi waya popita kumunda, kuopa ana omugenda ndi amuna osaopa Mulungu, inu munanenapo chiyani? Atabwera a bungwe la masewera a ana onga iyeyu, anatigogodera ndani? Si achimwene a Davison? Anamugwira dzanja okha kupita naye pabwalo la sukulu. Ku Katete wasiya anzake onse m'fumbi, wasankhidwa kupita ku Chipata, ndiye inu mufuna muyambe kukayika lero?"

"Alamu anga ndimawalemekeza. Anali aphunzitsi, ndi mkulu wa mpingo, sindikana. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Dzana mwanayu wabwera akulira kuti Rabecca, mwana wa alamuwo, wavala malaya ake othamangira. Munamumva?"

"Chisuweni chimenecho! Rabecca ndi Tiwonge ndi pachisuweni, kuputana ndi mwambo wawo. Mwabadwa liti inu?"

"Chisuweni chake chimenecho chovala malaya a mnzako n'kumayenda pabwalo utapendeketsa mutu monga achitira iye? Ine sichindiseketsa."

"Sichikuseketsani chifukwa si abale anu. Tamverani, atate ake Tiwonge, musandilankhulitse pambali. Pamudzi pano munabwera ndi bulangeti ndi khasu. Ndinu mkamwini. Mwini mbumba ndi achimwene, za ana anga amaweruza ndiwo."

Mawu amenewa ndi amene amatha nkhani iliyonse m'nyumbamo, ndipo Dorothy ankadziwa bwino pobaya. A Solomoni anayang'ana mpini wawo, naupukuta ndi chikhatho ngati wadetsedwa, kenaka anabwerera pansi pa mtengo wa mango kukapitiriza kusema. Dorothy anapana mapepala m'khwapa n'kupita kwa mlongo wake. Ananyada m'njira monse, poti pamkangano anali atapambana.

Tiwonge anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamtali, wa miyendo ngati ya atate ake. Mutu wake unkapendekera kumanzere, ndipo akakondwa kapena akachita mantha ankaluma chala chachikulu. Kuwerenga kunamukana, kuphika kunamukana, koma kuthamanga ayi. Anthu amene kale ankamutchula chitsiru cha kwa Dorothy tsopano ankaima m'mbali mwa njira akamadutsa m'mawa, iye n'kumawauza mokuwa kuti, "Tiwonge athamanga!" Dzina lake ankalikonda kwambiri moti sankanena kuti "ine". A Davison anali atanena kuti wopambana ku Chipata adzapita ku Lusaka, ndiponso adzapatsidwa malo kusukulu yophunzitsa kusoka achinyamata otere. Dorothy za kusoka sankaziganizira kwenikweni. Chimene ankafuna n'chakuti mwana wake akwere basi, amve dzina lake likuitanidwa pagulu ndi anthu osamuseka.

Ulendo unali wa Lachisanu. Pofika Lachitatu chikwama chinali chitalongedwa kale: zitenje ziwiri, sopo, juzi poti inali nyengo yachisanu, ndi mtedza wokazinga m'botolo. Malaya othamangira okha ndiwo anali kwa a Davison, akuti ankafuna kukadinditsa nambala.

Lachinayi masana a Davison anafika ndi nkhope ya pamaliro.

"Mlongo wanga, zinthu zasintha. Andiimbira foni kuti masewera aimitsidwa. Akuti bwalo la ku Chipata akulikonza. Adzatiuza tsiku lina."

"Iii, achimwene, nanga mwanayu ndimuuza chiyani?"

"Muuze kuti mawa. Kodi iye amasiyanitsa mawa ndi mkuja? Ine ndikupita ku msonkhano wa mpingo masiku atatu. Rabecca naye ndamutumiza ku Sinda kwa amayi ake aang'ono, akudwala."

Dorothy anawaperekeza mpaka pamsewu, nawapatsanso mbatata zoti akadye paulendo.

Kuyambira tsiku limenelo Tiwonge anapeza ntchito yatsopano. M'mawa uliwonse akabwerako kothamanga ankasamba, kutenga chikwama chake, n'kukaima pamphambano pamene pamaima maminibasi opita ku Katete. Dzuwa likafika pamutu ankabwerera.

"Amama, basi yabwera?"

"Mawa, mwanangu."

"Mawa," ankabwereza, akuluma chala, n'kukaika chikwama kumutu kwa mphasa yake.

A Davison anabwerako, Rabecca nayenso anabwerako ndi tsitsi lomanga kumene. Panapita milungu iwiri. Tsiku lina a Solomoni anapita ku Katete kukagulitsa mtedza, nabwerako dzuwa lisanapendeke, thumba lina lili pa njinga losagulitsa. Anatsamiritsa njinga kunkhokwe, naitana mkazi wawo kuti alowe m'nyumba.

"Ndakumana ndi a Jonas a ku Mkaika, aja mwana wawo amaponya mpira wachitsulo. Andigwira chanza ndi manja awiri, akuti zikomo mwana wanu watichotsa manyazi ku Chipata. Ine kukamwa yasa. Ndabwereka foni yawo, mawa ndikabweza. Onani nokha, mungati mkamwini akupeka."

Dorothy anailandira. Pa kagalasi kosweka pakona panaoneka bwalo lalikulu, mbendera, anthu ambirimbiri. Mawu a pachimkuzamawu anamveka bwinobwino: "Woyamba, Tiwonge Phiri wa ku Katete!" Mtsikana wovala malaya obiriwira anakwera pa bokosi, anthu namuveka mendulo pakhosi. Mutu anapendeketsa kumanzere. Chala chachikulu chinali m'kamwa. Atamulozetsa cholankhulira, ananena ndi mawu okoka aja amene Dorothy ankawamva tsiku ndi tsiku chibadwire mwana wake: "Tiwonge athamanga!" Anthu anaomba m'manja, ena akupukuta misozi. Kumbuyo kwake kunali a Davison atavala jekete lawo la kutchalitchi, akumwetulira.

Anali Rabecca.

Dorothy anaonera kachiwiri, kachitatu. Kenaka anakhala pansi papo. Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali basi kapena mendulo. Chinali chala chija m'kamwa. Kangati iye mwini anaseka nawo Rabecca akuchita zimenezo pachitsime, n'kumati ana awa chisuweni chawakula? Sankadziwa kuti mwana wa mlongo wake ali pasukulu, ndipo phunziro lake ndi Tiwonge.

"Paja akulu anati wamisala anaona nkhondo," anatero a Solomoni, kenaka anadzigwira pakamwa. "Pepani, sindikuti mwana wathu ndi wamisala. Ndikuti iye anaona, natiuza, ife anzerufe osamva."

Dorothy anadikira kuti amukumbutse za bulangeti ndi khasu. Sanatero, ndipo zimenezo zinamuchititsa manyazi kuposa kutukwanidwa.

Dorothy anakawapeza a Davison pakhonde akuwerenga Baibulo, magalasi ali pamphuno. Sanagwade monga mwa masiku onse. Anangowaikira foni ija pamwamba pa tsamba limene ankawerenga.

A Davison anaonera pang'ono, naizimitsa, navula magalasi mosafulumira.

"Khala pansi, Dorothy. Ndimati ndibwere ndekha kudzakufotokozera."

"Fotokozani ndili chilili. Bwalo la ku Chipata alikonza msanga bwanji?"

"Usandilankhule ngati mwana mnzako. Tiye tione zinthu monga zilili. Tiwonge akanakwera basi, akanafika ku Chipata, phokoso lija, anthu aja, ukuganiza akanathamanga? Akanakhala pansi n'kumalira kufuna amake. Tinene kuti wapambana. Ku Lusaka akanapita ndi yani? Makina osokera akanawagwira bwanji munthu woti singano imamugwa m'manja? Mwayi ukanangotayika. Pamene Rabecca walephera giredi naini kawiri, ali pakhomo, anyamata ayamba kale kuzungulira. Akaphunzira kusoka adzasokera ndani? Si banja lomweli? Tiwonge yemweyo adzavala madiresi."

"Madiresi! Mwanayo akuima pamphambano milungu iwiri ndi chikwama, inu mumamudutsa popita kutchalitchi. Mumamupatsa moni?"

"Iye sadziwa kanthu. Pofika mwezi wamawa adzakhala ataiwala."

"Dzina lake amalidziwa, achimwene. Ndi chinthu chimodzi chokha chimene ali nacho, ndipo mwamulanda chomwecho. Chithunzi cha pa fomu munachita nacho bwanji?"

"Ndinakajambulitsa china ku Katete. A ku Chipata samudziwa nkhope, amadziwa mapepala."

"Mapepala amene ndinakupatsani ine ndi manja anga, nditanyoza mwamuna wanga. Kodi pamene munabwera kudzamutulutsa m'nyumba chaka chatha, munali mutaganiza kale zimenezi?"

Apo a Davison anayang'ana kumbali. "Ayi. Mulungu ndi mboni, poyamba ndinkafunira mwanayo zabwino. Za sukulu yosoka ndinazimva mochedwa." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. "Koma madzi akatayika saoleka. Tsopano imva. Loweruka kukubwera a Lillian, mayi wa ku ofesi ya bungwe ku Chipata. Pa ulendo wa ku Lusaka lamulo lawo n'lakuti mayi wa mwana asaine pamaso pawo. Udzabwera kuno, udzakhala pa mphasa pambali pa Rabecca, udzasaina. Tiwonge tsiku limenelo asadzaoneke. Umutsekere m'nyumba, ndi maola awiri okha."

Dorothy anaseka, kuseka kowawa. "Ndimutsekere? Inu amene munandiuza pamaso pa anthu kuti kutsekera mwana wolumala ndi tchimo?"

"Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, mlongo wanga. Ukaulula, ine andimanga, Rabecca amumanga. Bungwe lichoka m'dera lino, ana onse aja amene tawatulutsa m'nyumba abwerera kumene anali. Udzawayang'ana bwanji makolo awo? Ndiponso dimba ukulimalo unapatsidwa ndi yani? Atamwalira amayi, anakulera ndani? Chibale ndi fupa, sichiola. Pita ukaganize."

Anapitadi kukaganiza, ndipo tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe. Masiku anayi amenewo Dorothy anagonja kambirimbiri. A Davison anamulipirira sukulu mpaka pamene iye mwini anaithawa. Pa maliro a mwana wake woyamba anagula bokosi ndiwo. Munthu wotere ungamupereke kwa apolisi chifukwa cha mpikisano wothamanga? Azimayi a kumpingo akanamuti chiyani? Anafunsa mwamuna wake, iwo nati, "Ine ndinanena kale zanga. Koma mukafuna kuti ndimutengere Tiwonge kudimba tsiku limenelo kuti inu mukaname bwino, pamenepo ndiye mundikhululukire. Ntchito imeneyo muigwire nokha."

Loweruka linafika. Galimoto loyera linaima pakhomo pa a Davison dzuwa litakwera pang'ono. Tiwonge anali atangosamba, chikwama chili paphewa.

"Lero usapite kumsewu. Khala m'nyumba, ndikubwera," anatero Dorothy.

"Tiwonge adikira basi."

"Udikirire m'nyumba momuno."

Waya uja anali akadali pa msomali kuseri kwa chitseko, wadzimbiri. Dorothy anakoka chitseko, napisa waya pa bowo, napotokola katatu. Zala zake zinali zisanaiwale. M'katimo simunamveke kulira kapena kugogoda, ndipo iye akanakonda kuti mwanayo alire. A Solomoni anali pansi pa mango, maso ali pa mpini.

Kwa a Davison anayala mphasa yatsopano. A Lillian anali mayi wonenepa, wansangala, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anaimirira namukumbatira Dorothy.

"Ndimwe amake champion wathu? Mwachita bwino maningi, amai. Makolo ambiri amabisa ana aba, koma imwe mwaonetsa chitsanzo."

Dorothy anangoti zikomo, nakhala. Mkazi wa a Davison anatulutsa Rabecca atamugwira dzanja, ngati sangathe kuyenda yekha. Anavala malaya obiriwira aja, mendulo ili pakhosi. Anakhala pambali pa azakhali ake osawayang'ana.

"Tiwonge, uli bwanji lero?" anafunsa a Lillian mokweza. "Uzapita ku Lusaka, wakondwa?"

Rabecca anapendeketsa mutu. Chala chinakwera pang'onopang'ono n'kulowa m'kamwa.

"Tiwonge athamanga," anatero Rabecca.

Pafoni zinali zopweteka, koma apa zinali pafupi moti Dorothy ankamva fungo la mafuta a m'tsitsi la mtsikanayo. Anafanizira bwino zedi, mpaka kakokedwe ka mpweya kamene Tiwonge amachita asanalankhule. Kumeneko si kuphunzira kwa mlungu umodzi.

A Lillian anatsegula fomu pa bondo, napereka cholembera. "Apa palembedwa kuti imwe, Dorothy Mbewe, muvomera kuti uyu ni mwana wanu wobala mweka, ndipo mumulola kuyenda. Ni mwana wanu uyu, ai?"

"Ndi wake, ndi wake," anayankha a Davison msanga. "Mlongo wangayu ndi wamanyazi."

Dorothy anayang'ana cholembera. Mwana wobala yekha. Anakumbukira tsiku limene anamubala, mwana wosalira mpaka anamwino atamumenya kachitatu. Mwana ameneyo panopa anali kuseri kwa waya, ndipo womangayo sanali a Davison. Anaika cholembera pa mphasa, nadzuka.

"Amayi, nyamukani munditsate. Si patali."

"Dorothy!" A Davison anaimirira. "Khala pansi. Ndikulankhula ine mwini mbumba."

"Mbumba yake iti, achimwene? Imene mumaisunga kapena imene mumaidya?"

A Lillian anayang'ana uku ndi uku, natseka fomu, namutsatira. A Davison anabwera pambuyo akulankhula zambiri, zoti mlongo wawo mutu umamuvuta nthawi zina, zoti matendawa ndi a m'banja. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo. Pofika pakhomo, a Solomoni anali ataimirira kale. Dorothy anamasula waya uja, nautaya kutali, nakankha chitseko.

Tiwonge anali chilili pomwe anamusiya, chikwama chili paphewa. Anaphethira ndi kuwala, naona mlendo, naona galimoto loyera patali. Nkhope yake yonse inaseka.

"Basi yabwera! Tiwonge athamanga!"

Palibe amene anafunika kufotokoza. A Lillian anagwira pakamwa, nayang'ana Rabecca amene nayenso anali atafika, mutu uli chowongoka tsopano, misozi ili mbwembwembwe. Tiwonge anamuthamangira msuweni wakeyo, nagwira malaya obiriwira.

"Malaya a Tiwonge. Wabweretsa?"

Rabecca anavula mendulo, naiponya pansi, nathawira kuseri kwa nkhokwe akulira mokweza.

Nsangala ya a Lillian inatheratu. Anafunsa mafunso ochepa, nalemba, natola mendulo. Kwa a Davison anangoti adzaitanidwa ku Chipata. Dorothy anawatsatira mpaka pagalimoto.

"Amayi, nanga mwana wanga? Ku Katete anapambana yekha, ndi miyendo yake. Ku Lusaka apita?"

"Amai, nizakuuzani zoona. Opita ku Lusaka ni amene anathamanga ku Chipata. Malo aya azapita kuli mtsikana wa ku Vubwi amene anabwera wachiwiri. Tiwonge ayembekeze chaka chamawa, ngati komiti izalola kuti dera lino lipitirize. Nizamukambirako, koma siningalonjeze."

Galimoto linapita. A Davison anaima pakati pa bwalo, anthu akuwayang'ana, jekete lili m'manja.

"Wakondwa tsopano? Wataya zonse, za Rabecca ndi za mwana wako yemwe. Kuyambira lero usadzanditchulenso achimwene. Ukadzaona vuto, akuthandize mkamwini wakoyo."

"Mwamva, alamu," anatero a Solomoni mofatsa, koyamba kuyankha m'zaka makumi awiri. "Pitani bwino. Pakhomo pano pali mwini wake."

M'mawa mwake linali Lamulungu, koma Dorothy kutchalitchi sanapite. Anakhala pakhonde akusenda mtedza wa m'thumba lija. Tiwonge anabwerako kothamanga, nasamba, natulukira ndi chikwama chake paphewa.

"Amama, basi yabwera?"

Liwu loti mawa linali kale pa lilime. Linali losavuta, ndipo anamuphunzitsa ndi a Davison. Dorothy analimeza. Anamukoka mwana wake, namukhazika pambali pake, namuvula chikwama.

"Basi inapita kale, Tiwonge. Inapita tsiku lija. Atsibweni ako anakusiya."

Tiwonge anapendeketsa mutu, chala chili m'kamwa, naganiza nthawi yaitali. Atsibweni ake ankawakonda kuposa munthu aliyense pamudzipo.

"Atsibweni aiwala Tiwonge?"

"Ayi, mwanangu," anatero Dorothy, misozi ikugwera m'lichero. "Sanaiwale."